Mafunso ndi mayankho: mmene Ajeremani ankatsatsira malonda a njinga m'zaka za m'ma 1890

Anthu ambiri amayamba ndi chithunzi chimodzi chomwe achiona pa intaneti, mzimayi wa diresi lalitali ali panjinga, pamwamba palembedwa dzina la kampani ya njinga ngati Adler kapena Brennabor, ndiye mafunso amayambira pompo. Pansipa ndasonkhanitsa amene amabwera mobwerezabwereza. Ndayamba ndi apafupi, a anthu ofuna kugula kapena kusunga mapepalawa ali chakumapeto, ndipo pomwe nkhani ndainena kale ndangokulozerani.

Tikati zotsatsa zakale za njinga, tikunena za nthawi iti kwenikweni?

Makamaka kuyambira cha m'ma 1890 kukafika pomwe nkhondo yoyamba ya dziko lonse imayamba mu 1914, koma pachimake penipeni panali pakati pa 1895 ndi 1900. Malo ake ndi Germany, Austria ndi mbali ya Switzerland yoyankhula Chijeremani, kuphatikizaponso madera ngati Bohemia omwe nthawi imeneyo anali pansi pa mfumu ya ku Vienna ndipo malonda ambiri kumeneko ankachitika m'Chijeremani. Zotsatsa za m'ma 1880 ziliponso koma ndi zochepa ndipo zambiri ndi za njinga zija za gudumu lalikulu kutsogolo.

Njingatu inayamba kale ku Germany, bwanji kutchuka kwake kunachedwa chonchi?

Zoona, Karl Drais anayendetsa makina ake a matabwa a magudumu awiri ku Mannheim mu 1817, koma analibe zopalasira, munthu ankachita kukankha pansi ndi mapazi. Zopalasira zinabwera m'ma 1860 ku Paris, kenako kunabwera njinga yaitali ija, Hochrad m'Chijeremani, yomwe wokwera amakhala pamwamba pa gudumu lalikululo. Inali yodula komanso yoopsa, ukagunda mwala umagwa chamutu, ndiye okwera anali anyamata a m'mabanja a ndalama basi.

Zinthu ziwiri ndi zomwe zinasintha zonse. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover, magudumu ake osasiyana kwambiri kukula ndipo tcheni ikukoka la kumbuyo, munthu n'kumatha kuponda pansi akaima. Kenako mu 1888 John Boyd Dunlop ku Belfast anabwera ndi tayala lopopa mpweya. Ku Germany kampani ya Continental ya ku Hannover inayamba kupanga matayala a mpweya a njinga mu 1892. Misewu ya m'matauni nthawi imeneyo inali yoyala miyala, ndiye kusiyana kwa tayala la labala yolimba ndi la mpweya munthu ankakumva m'thupi monse. Kuchokera apa azibambo akuluakulu, madokotala, aphunzitsi ndi azimayi anayamba kufuna njinga, mafakitale n'kuchuluka, ndipo mafakitale akachuluka aliyense amayenera kukuwa kuti amveke.

Makampani ake anali ati, nanga bwanji papepala limodzi pamakhala njinga ndi makina osokera?

Chifukwa ambiri anayamba ndi makina osokera. Opel ku Rüsselsheim, Dürkopp ku Bielefeld, Seidel & Naumann ku Dresden, onsewa anali kale ndi amisiri odziwa tizitsulo ting'onoting'ono, anali ndi penti yakuda yowotcha ija, komanso chachikulu anali ndi ma ejenti m'matauni onse odziwa kugulitsa katundu wodula molipira pang'onopang'ono. Ndiye mukaona mawu oti "Nähmaschinen und Fahrräder" akutanthauza makina osokera ndi njinga, sitolo imodzi, mwini mmodzi. NSU ya ku Neckarsulm inayamba ndi makina oluka. Brennabor ya abale a Reichstein ku Brandenburg an der Havel inayamba mu 1871 ndi timangolo toyendetsera makanda, n'chifukwa chake pa zotsatsa zawo nthawi zina mumaona zonse ziwiri.

Ena anayamba ndi njinga zenizenizo. Heinrich Kleyer anatsegula bizinesi yake ku Frankfurt am Main mu 1880, ndiyo inadzakhala Adler. Winklhofer ndi Jaenicke anayamba ku Chemnitz mu 1885, ndiwo a Wanderer. Makampani analiponso ena ambiri, ku Nürnberg kokha kunali Victoria, Hercules, Mars ndi Triumph. Diamant ya abale a Nevoigt, kufupi ndi Chemnitz, inayamba kupanga njinga mu 1895 ndipo dzinali likadali panjinga mpaka lero. A ku Austria ndawaika pa funso lawolawo kutsogoloku.

Opel yomweyi ya magalimoto?

Yomweyo. Adam Opel anayamba ndi makina osokera mu 1862, njinga n'kubwera mu 1886, galimoto yoyamba mu 1899 iye atamwalira kale, poti anamwalira mu 1895 ndipo kampani inatsala m'manja mwa mkazi wake Sophie ndi ana awo. Ana aamuna asanu aja, Carl, Wilhelm, Heinrich, Fritz ndi Ludwig, onse ankapikisana panjinga ndipo ankapambana, ndiye kampani sinkavutika kusaka anthu otchuka oti aionetse, inali nawo m'nyumba momwemo. Chithunzi chawo ali onse asanu panjinga imodzi yaitali ya zishalo zisanu ndi chimodzi mwa zodziwika kwambiri za nthawi imeneyo. Opel inapitiriza ndi njinga kwa zaka zambiri, m'ma 1920 inali pakati pa opanga njinga akuluakulu padziko lonse, ndipo pofika 1937 inali itagulitsa gawo limeneli kwa NSU. Wanderer nayo inadzalowa m'magalimoto, mwa mphete zinayi za Audi imodzi ndi yake.

Popeza kunalibe wailesi kapena TV, ankatsatsa kuti?

Choyamba ndi maposita akuluakulu omata mumsewu. M'matauni a ku Germany munali zipilala zozungulira zomatapo mapepala, dzina lake Litfaßsäule, potengera Ernst Litfaß yemwe anaziimika koyamba ku Berlin mu 1855. Pakhomo pa sitolo ankakhoma chikwangwani chachitsulo chokutidwa ndi enamelo, chomwe mvula siichita kanthu. Kunalinso mapositikhadi, makalendala, ndi timasitampa totsatsa malonda totchedwa Reklamemarken, tosatumizira kalata ayi, tongomata pa envelopu, ndipo ana ankatisonkhanitsa m'mabuku.

Koma gawo lalikulu linali m'manyuzipepala ndi m'magazini, ngati Die Gartenlaube ndi Fliegende Blätter, kenako Jugend ndi Simplicissimus omwe onse awiri anayamba ku Munich mu 1896, kuwonjezera magazini a makalabu a njinga. Ndipo ine ndinene maganizo anga poyera, tizidutswa takuda ndi toyera ta kumasamba akumapeto timeneti ndi tomwe tili ndi nkhani yeniyeni. Posita yaikulu imakuuzani zomwe kampani inkafuna kuti mulote, pomwe kachidutswa ka m'nyuzipepala kamakuuzani mtengo, kulemera kwa njinga, chitsimikizo cha chaka chimodzi kapena ziwiri, kuti mutha kulipira pang'onopang'ono, kuti akuphunzitsani kupalasa mwaulere. Mukawerenga timeneti mumaona zomwe wogula ankaopa.

Akuphunzitsani kupalasa? Ogulawo anali akuluakulu osadziwa njinga?

Eya, ndipo mfundo imeneyi anthu amaidumpha. Munthu wa zaka 40 mu 1896 sanakule ndi njinga, panalibe mchimwene womugwirira chishalo ali mwana, ndipo bwana wolemekezeka kapena mayi wa pabanja sakanalola kuti agwe pamsewu anthu akuona. Ndiye ogulitsa ankamanga maholo ophunzitsiramo, otchedwa Fahrschule kapena Fahrsaal, ndipo mawu oti "Fahrunterricht" amapezeka kwambiri pansi pa dzina la sitolo. Kleyer wa Adler uja anali ndi holo yotere m'nyumba yake ya malonda ku Frankfurt. Mizinda yambiri inkafunanso kuti wokwera akhale ndi chiphaso cha apolisi, Radfahrkarte, ndipo kwina njinga inkakhala ndi nambala, misewu ina n'kukhala yoletsedwa. Wogulitsa ankayenera kuchotsa mantha onsewa kaye asanatchule za mtengo.

Zilembo zake sindikutha kuziwerenga, ndi Chijeremani chomwechi?

Ndi chomwechi, kungoti zilembo zake ndi zakale zotchedwa Fraktur, zomwe manyuzipepala ambiri a Chijeremani ankagwiritsa ntchito mpaka m'ma 1940. Chimene chimasokoneza kwambiri ndi s wamtali wofanana ndi f, kusiyana kwake n'koti f ali ndi kamzere kodutsa mbali zonse ziwiri. K wamng'ono amaoneka ngati t kapena f, ndipo A wamkulu ndi U wamkulu amafanana, chimodzimodzi B ndi V. Mukakhala nazo madzulo amodzi ndi tchati cha zilembo maso amazolowera. Mwayi wake ndi woti dzina la kampani ndi mawu akuluakulu pamaposita kawirikawiri ankalemba ndi zilembo zathu zomwezi kapena zojambula pamanja, Fraktur imachuluka m'timawu tating'ono ta m'nyuzipepala.

Mawu amene amabwerabwera pa zotsatsazi amatanthauza chiyani?

Fahrrad ndi njinga, zambiri ndi Fahrräder, mwachidule Rad ndi Räder. Zakale kwambiri zimati Velociped, ndipo ku Switzerland mpaka lero amati Velo. Hochrad ndainena kale, Niederrad ndi yaifupi yomwe inailowa m'malo, nthawi zina ankangoitcha Rover olo ikhale ya kampani ina. Herrenrad ndi ya abambo, Damenrad ya amayi yopanda chitsulo chapamwamba. Tourenrad ndi ya maulendo, yolimba, Halbrenner ili pakatikati, Strassenrenner ndi Bahnrenner ndi za mpikisano, ina ya pamsewu ina ya m'bwalo. Pneumatik kapena Pneumatic ndi tayala la mpweya, Vollgummi ndi la labala yolimba. Kettenlos ndi njinga yopanda tcheni, yoyendera shafuti, yomwe ankaitsatsa kwambiri chakumapeto kwa m'ma 1890 ponena kuti siidetsa zovala. Freilauf ndi fuliwilo, Rücktrittbremse ndi buleki yopondera kumbuyo.

Pansi penipeni mupeza "Katalog gratis und franko", kutanthauza kuti katalogu akutumizirani mwaulere positi alipira okha, "Teilzahlung" kulipira pang'onopang'ono, ndi "Vertreter gesucht" kuti akufuna ma ejenti. "Hoflieferant" ndi kampani yomwe inaloledwa kudzitcha yopereka katundu kunyumba yachifumu, ndipo poti Germany inali ndi mafumu ndi akalonga ambiri, ku Prussia, Bavaria, Saxony, Württemberg ndi kwina, makampani ambiri anali nalo dzinali. "All Heil!" anali moni wa okwera njinga a m'makalabu, sizikukhudzana ndi moni wa chipani cha Nazi womwe unabwera zaka zambiri pambuyo pake.

Bwanji pamaposita ambiri pali akazi, ndiwo ankagula kwambiri?

Ayi, ogula ambiri anali amuna. Koma akazi apa ali a mitundu iwiri ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa. Wina si munthu weniweni, ndi chizindikiro chabe, mulungu wamkazi wa chipambano ali ndi mapiko ndi nkhata ya masamba, kapena Germania, mkazi woimira dziko la Germany, ali ndi chishango, atanyamula njinga m'mwamba ndi dzanja limodzi kuonetsa kuti ndi yopepuka. Ameneyu anachokera ku zojambula za masatifiketi ndi mamendulo, ndipo mayina a njinga ngati Victoria, Diana ya Dürkopp ndi Germania ya Seidel & Naumann ankamuitana okha.

Wachiwiri ndi mzimayi wamba ali pachishalo, wavala chipewa ndi bulauzi, akupalasa yekha kunja kwa tauni, ndipo ameneyu ndi amene amandikhudza. Nthawi imeneyo mtsikana wa pabanja labwino sankayenda yekha popanda womuperekeza, madokotala ena ankalemba kuti njinga iwononga thupi la mkazi, ndipo amene anayamba kupalasa ku Berlin ndi ku Vienna ankanyozedwa mumsewu, makamaka akavala buluku lotakata lija m'malo mwa siketi. Magazini oseketsa ankawajambula mowanyoza sabata ndi sabata. Ndiye posita yoonetsa mayi waulemu wake, wodekha, wosatuluka thukuta, inkauza bambo ndi mwamuna wake kuti palibe chamanyazi apa, komanso inkauza mwamuna wamantha kuti makinawa ndi osavuta. Makampani ankafuna ndalama, zimenezo n'zoona, koma zithunzi zawo zinathandiza kuti chinthu chomwe chinkaoneka chachilendo chizolowereke. Azimayiwo anali ndi magazini awoawo a njinga, Die Radlerin ndi Draisena, momwe munkatsatsidwanso masiketi ogawika pakati, nsapato, ndi maukonde otchinga gudumu lakumbuyo kuti diresi lisakodwe m'masipoko.

Nanga mndandanda wa mipikisano ndi mamendulo womwe umadzaza theka la pepala?

Umenewo unali umboni wawo. Wogula sakanatha kuona ngati chitsulo cha felemu ndi chabwino, ndiye kampani inkamuuza kuti wakutiwakuti wapambana pa njinga yathu. Mpikisano womwe unagwedeza anthu kwambiri ndi wochokera ku Vienna kupita ku Berlin mu 1893, mtunda wa makilomita oposa 580, womwe Josef Fischer wa ku Munich anapambana m'maola pafupifupi 31. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1892, asilikali apamahatchi anali atapikisana pakati pa mizinda yomweyi, wopambana anatenga maola oposa 70 ndipo mahatchi ambiri anafa. Aliyense anatha kuwerengera yekha. Fischer yemweyu ndi amene anapambana mpikisano woyamba wa Paris–Roubaix mu 1896. Pambuyo pa mpikisano uliwonse waukulu wopanga njinga, wopanga matayala ngakhale wopanga tcheni aliyense ankagula malo m'nyuzipepala kulengeza kuti chipambanocho ndi chake.

Mamendulo ojambulidwa m'mbali ndi a ziwonetsero za malonda. Kunamizira mamendulo kunali kofala m'malonda ambiri mpaka lamulo la ku Germany la 1896 loletsa mpikisano wachinyengo pa malonda linatchula mwachindunji kunama za mphoto zomwe ulibe.

Njinga inkagula ndalama zingati, wantchito wamba akanakwanitsa?

Kumayambiriro kwa m'ma 1890 ayi. Njinga yabwino inali ma Mark (ndalama ya ku Germany nthawi imeneyo) mazana angapo, malipiro a miyezi ingapo a munthu wa m'fakitale, n'chifukwa chake anthu a pamaposita oyambirira amaoneka opeza bwino, zovala zoyera, malo okongola. Chakumapeto kwa zaka khumi zimenezo mafakitale anapanga zambiri kuposa ogula, ku America nako kunachokera njinga zotchipa zambirimbiri, mitengo inagwa, makampani ang'onoang'ono ambiri anatseka ndipo akuluakulu anayamba kuyang'ana njinga zamoto, magalimoto ndi mataipilaita. Itadutsa 1900 munthu ankatha kupeza njinga yatsopano pansi pa 100 Mark kwa ogulitsa kudzera pa positi, ndipo wotchuka pa amenewa anali August Stukenbrok wa ku Einbeck ndi njinga zake za "Deutschland". Makatalogu ake ndi okhuthala, muli njinga, nyali za kabaidi, mabelu, mapampu, kenako mawotchi ndi katundu wa m'nyumba.

Mukayika zotsatsa za 1895 pambali pa za 1910 kusinthaku kumaoneka ndi maso. Mawu a ulemerero amachepa, amachuluka ndi oti yolimba, yotchipa, ya tsiku ndi tsiku. Antchito analinso ndi bungwe lawo, Arbeiter-Radfahrerbund Solidarität, lomwe linakhazikitsidwa ku Offenbach mu 1896 chifukwa sankamasuka m'makalabu a anthu olemera a Deutscher Radfahrer-Bund ya 1884. Moni wawo unali "Frisch auf!" ndipo anadzakhala ndi sitolo ndi fakitale yawo ya njinga za Frischauf, ndiye mukaona dzina limeneli dziwani kuti pepalalo linkalankhula ndi antchito.

Za ku Austria zimasiyana bwanji ndi za ku Germany?

Poyamba onani ndalama ndi tizilembo. Mitengo ya ku Austria imakhala mu Gulden, yolembedwa fl., kapena mu Krone, ndipo pafupi ndi dzina la kampani pamakhala k.k. kapena k.u.k., tizilembo totanthauza za ufumu wa ku Vienna, ndi chiwombankhanga cha mitu iwiri. Mayina akuluakulu ndi awiri. Ku Graz kunali Johann Puch ndi njinga za Styria, kenako mu 1899 anayambitsa kampani ina ya dzina lake. Ku Steyr kunali fakitale ya mfuti yomwe inkasowa ntchito nthawi ya mtendere, ndiye mu 1894 inayamba kupanga njinga ndi chilolezo cha kampani ya Swift ya ku Coventry, n'kudzazitcha Waffenrad, njinga ya ku fakitale ya zida. Dzinalo lokha linali kutsatsa, anthu ankakhulupirira kuti opanga mfuti salakwitsa muyeso.

Nkhani ya chilankhulo m'dziko limenelo inali yotentha. Václav Klement, wogulitsa mabuku ku Mladá Boleslav, analembera nthambi ya Seidel & Naumann ku Ústí nad Labem m'Chitcheki za njinga yake ya Germania yomwe inawonongeka, ndipo anamuyankha m'Chijeremani kuti alembe m'chilankhulo chomwe iwo angamve. Mu 1895 iye ndi Václav Laurin anayamba kupanga njinga zawo n'kuzitcha Slavia, ndipo kampani imeneyi ndi yomwe inadzakhala gawo la magalimoto la Škoda mu 1925.

Bwanji mayina ena akumveka Achingerezi pomwe pepala ndi la Chijeremani?

Chifukwa poyamba njinga yabwino inkachokera ku England, makamaka Coventry, ndipo ogulitsa a ku Germany ankanyadira kulemba kuti zitsulo zawo ndi za kumeneko. Dzina loti Wanderer analitenga pomasulira Rover ya Starley ija. Triumph inayambitsidwa ku Coventry ndi Siegfried Bettmann wobadwira ku Nürnberg, ndipo mu 1896 anatsegula fakitale kwawo. Mafakitale a ku Germany atalimba, makamaka njinga za ku America zitasefukira monga ndanenera pa funso la mitengo, nyimbo inasintha, zotsatsa zinayamba kutsindika "deutsches Fabrikat", katundu wopangidwa kwathu, ndipo ziwombankhanga ndi masamba a mtengo wa oak zinachuluka.

Ndingadziwe bwanji chaka cha chotsatsa chomwe palibe deti?

Yambani ndi njingayo. Gudumu lalikulu kutsogolo ndi m'ma 1880 kapena koyambirira kwenikweni kwa m'ma 1890. Matayala owonda kwambiri a labala yolimba panjinga yaifupi ndi cha m'ma 1890, ndipo ngati akudzitama ndi Pneumatic ngati chinthu chatsopano muli pakati pa 1892 ndi 1895. Nyali ya kabaidi, Acetylen, ndi chakumapeto kwa m'ma 1890 kupita mtsogolo. Pakatchulidwa habu ya Torpedo ya Fichtel & Sachs a ku Schweinfurt ndiye kuti si kale kuposa 1903. Pakakhala njinga yamoto kapena galimoto pamndandanda wa katundu, fufuzani chaka chomwe kampaniyo inayamba zimenezo.

Kenako kalembedwe. Msonkhano wa 1901 ku Berlin unachotsa h m'mawu ambiri a th, ndiye "Theilzahlung" ndi "Vortheil" ndi zakale, "Teilzahlung" ndi "Vorteil" ndi zapambuyo, ngakhale osindikiza ena anachedwa kusintha ndiye musadalire ichi chokha. D.R.P. ndi patenti ya boma la Germany, inayamba mu 1877, pomwe D.R.G.M., chitetezo chocheperapo cha kapangidwe ka chinthu kolembetsedwa ku boma, inayamba mu 1891. Ku Austria Krone inayamba mu 1892 koma Gulden inayendabe mpaka 1900, ndiye mtengo wa fl. kawirikawiri ukuonetsa kuti pepalalo ndi la 1900 isanakwane. Ndipo onani chaka chomaliza pa mndandanda wa mamendulo kapena mipikisano, pepalalo silingakhale lakale kuposa pamenepo ndipo kawirikawiri limakhala la chaka chomwecho kapena chotsatira, poti palibe ankadzitama ndi chipambano chakale akakhala ndi chatsopano.

Ojambula ake anali ndani, bwanji ena ndi odzaza zinthu ena opanda kanthu?

Ambiri a m'ma 1890 alibe dzina la wojambula, ankajambula ndi antchito a kampani yosindikiza, ndipo dzina lomwe mulipeze m'mphepete ndi la osindikizawo. Masitayilo ake ndi atatu mongoyerekeza. Akale ndi odzaza, fakitale ili ndi machumuni ofuka utsi, mamendulo, maluwa, angelo, zilembo za mitundu isanu papepala limodzi. Kenako Jugendstil, dzina lochokera ku magazini ya Jugend ija, mizere yopindapinda, tsitsi louluka, mitundu yochepa yosalala. Itadutsa 1905 ku Berlin kunabwera Sachplakat, posita ya chinthu chimodzi ndi dzina basi, yomwe Lucian Bernhard anaitchukitsa ndi posita ya machesi a Priester, ndipo osindikiza a Hollerbaum & Schmidt ndiwo ankatulutsa zambiri. Posita ya Bernhard ya Adler yomwe imazungulira kwambiri ndi ya taipilaita, ya Hans Rudi Erdt ya Opel ya 1911 ndi ya galimoto, anthu amaziika m'gulu la njinga chifukwa cha mayina okha.

Akale odzaza aja akatswiri a zojambula sawalemekeza kwenikweni poyerekeza ndi a ku Paris a nthawi yomweyo, koma ine ndimawakonda kwambiri chifukwa njinga amaijambula molondola mpaka sipoko iliyonse, ndipo okonza njinga zakale amawagwiritsa ntchito pofuna kudziwa mtundu wa handulo kapena chishalo choyenera.

Ndaona posita ikugulitsidwa, ndidziwa bwanji kuti ndi yeniyeni osati kope?

Zenizeni ankazisindikiza ndi miyala, luso lomwe Alois Senefelder anatulukira ku Munich chakumapeto kwa zaka za m'ma 1790, mtundu uliwonse mwala wakewake. Mukayang'ana ndi galasi lokulitsa muona mitundu yosalala kapena timadontho tomwazikana mopanda dongosolo, ndipo m'mphepete mitundu ina imapitirirana pang'ono. Kope yamakono imakhala ndi timadontho tofoleredwa bwinobwino m'mizere, ta mitundu inayi. Pepala lenileni ndi lopyapyala, lotchipa, poti ankayembekeza kuti likhala pakhoma masabata ochepa, limakhala lofiirira kumbuyo ndipo nthawi zambiri lili ndi mizere ya mopindidwa. Zambiri zomwe zinapulumuka anazimata pansalu kuti zisang'ambike, chimenecho si cholakwika. Pepala lokhuthala lonyezimira, kukula kofanana ndi mafelemu a m'sitolo za lero, kapena dzina la osindikiza losawerengeka ngati lajambulidwa ndi kamera, zonsezi zikuloza ku kope.

Pa zikwangwani za enamelo chenjerani kwambiri chifukwa zabodza ndi zochuluka ndipo ena amazichititsa dzimbiri dala. Chakale chimakhala cholemera, chambiri chimakhala chotukuka pakati, ndipo mukayendetsa chala mumamva zilembo zitakwera pamwamba. Ngati ndalama zanu ndi zochepa yambani ndi tizidutswa ta m'magazini, mapositikhadi kapena Reklamemarken, n'zotsika mtengo ndipo si kawirikawiri munthu kuvutika kupanga zabodza zake.

Ndingakazione kuti?

Ku Germany kuli Deutsches Fahrradmuseum ku Bad Brückenau, Deutsches Zweirad- und NSU-Museum ku Neckarsulm, ndi gawo la njinga la nyumba yosungira zakale ya mzinda wa Einbeck, kwawo kwa Stukenbrok. Ku Vienna nyumba yosungira zaluso ya MAK ndi laibulale ya mzinda ya Wienbibliothek zili ndi maposita ambiri, ku Zürich kuli Museum für Gestaltung. Amene muli kutali, Jugend ndi Simplicissimus anaikidwa pa intaneti tsamba ndi tsamba, ndipo manyuzipepala akale a ku Austria ali pa ANNO ya laibulale yaikulu ya dzikolo, mwaulere. Lembani "Fahrräder" kapena dzina la kampani, sankhani chaka cha 1897, pitani kumasamba akumapeto.

Kuti maposita a nthawi imeneyi alipobe ndi chifukwa cha anthu omwe ankawasonkhanitsa akadali atsopano. Wodziwika kwambiri ndi Hans Sachs, dokotala wa mano wa ku Berlin yemwe anayambitsa magazini ya Das Plakat mu 1910 ndipo anasonkhanitsa maposita pafupifupi 12,500 a mitundu yonse. Anali Myuda, a Nazi anamulanda onse mu 1938, iye n'kuthawira ku America. Gawo lina linadzapezeka ku East Berlin, ndipo mu 2012 khoti lalikulu la ku Germany linalamula Deutsches Historisches Museum kuti iwabweze kwa mwana wake.

Ndingasindikize chithunzi chotere pa malaya kapena pakhoma la shopu yanga?

Ku Germany, Austria ndi Switzerland umwini wa chojambula umatha pakadutsa zaka 70 wojambula atamwalira, ndipo chomwe wojambula wake sanadziwike nthawi zambiri amawerengera kuchokera pomwe chinatuluka, ndiye zambiri za m'ma 1890 ndi zomasuka. Koma onani dzina kaye, Bernhard mwachitsanzo anamwalira mu 1972, zake sizinamasuke. Chachiwiri ndi dzina la kampani. Opel, Continental, Diamant ndi Hercules ndi mayina omwe ali ndi eni ake mpaka pano, kupachika kunyumba palibe vuto koma kugulitsa malaya olembedwa dzina lawo ndi nkhani ina. Ngati chithunzi mwachitenga pa tsamba la nyumba yosungira zakale werengani zomwe alemba pansi pake za kagwiritsidwe ntchito, ndipo malamulo a dziko lomwe mukugulitsiramo ndi omwe akukhudzeni, ndiye funsani kumeneko musanasindikize zambiri.